Kanyumba ka zipinda ziwiri ku Njewa: mng'alu, dzenje lokwiriridwa ndi matumba 38 a simenti

Nkhaniyi ndi ya bambo ena ogwira ntchito yaulonda m'tauni muno, omwe anaganiza zodzimangira okha nyumba pa poloti yawo kumadzulo kwa Lilongwe, cha ku Njewa, kunja pang'ono kwa malire a mzinda. Ndikulembera amisiri anzanga, makamaka achinyamata amene angotuluka kumene kusukulu za ntchito zamanja, chifukwa anthu ngati bambowa ndi amene azidzakuitanani kawirikawiri. Poyamba ntchito sakuitanani. Amakufunani khoma litang'aluka, ndalama zitatsala pang'ono kutha, mvula ili mkati.

Banjali linkachita lendi ku Mtandire, chipinda chimodzi ndi pabalaza, ana atatu. Mayi amagulitsa tomato ndi masamba pamsika. Poloti anagula mu 2022 ndi ndalama za chipereganyu cha kuntchito kwa bambo, kuphatikiza zimene mayi analandira pogawana ku banki m'khonde. Ndi ya mamita 15 mulifupi ndi 25 mulitali, yotsetsereka pang'ono kuchoka kumsewu kulowera kudambo. Bambowo ali mnyamata anagwirapo ganyu yoponda matope ndi kuperekera njerwa kwa amisiri, choncho kuyala njerwa amakudziwa ndithu. Mu Ogasiti 2023 anagula njerwa zootcha 10,000 pa uvuni wapafupi, ngolo zinatuta, iwo n'kulemba pansi ndi phulusa nyumba ya zipinda zitatu ndi balaza, mamita 9 kwa 7. Akaweruka m'mawa ankapita molunjika kupoloti, mlamu wawo akuwapondera matope.

Pofika Novembala makoma anali pawindo. Mwezi womwewo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo inakwera nthawi yomweyo. Ndalama zimene anasungira denga sizinakwanenso. Ntchito inaima, makoma ali pamtetete. Mvula itagwa mu Disembala, mng'alu unaoneka.

Ine anandipeza mu Januwale 2024 kudzera mwa mnzawo wa kutchalitchi. Pempho lawo linali lachidule: "Amisiri, tabwerani mudzangotimatira mng'aluwu. Thumba limodzi la simenti tili nalo. Zinazo tipitiriza tokha."

Mng'aluwo unali pa khoma lakumunsi, loyang'ana kudambo. Unayambira pakona ya windo n'kutsika mokhotakhota motsata mizere ya matope mpaka pansi. Kumwamba chala chachikulu chinkalowa chonse, pansi pankangolowa nsonga ya msomali. Khoma lina lokumana nalo pangodya linalinso ndi mng'alu wofanana. Mukaona ming'alu iwiri yotere mbali zonse za ngodya imodzi, yotakata kumwamba, dziwani kuti ngodyayo ikutsika. Khoma likungotsatira zimene zikuchitika pansi pake, ndipo kumata pamenepo n'kutaya simenti.

Sindinathamangire kuwauza zimenezi. Munthu amene waponda matope miyezi itatu atagwira ntchito usiku wonse sangakukhulupirireni ndi mawu okha, ndipo ali ndi ufulu wokayika. Ndinatenga simenti yochepa n'kumata tizigamba titatu topyapyala modutsa mng'alu, kulemba tsiku pa kalikonse ndi msomali, n'kuwapempha kuti aziyang'ana. Pasanathe masabata atatu tonse tinali titang'ambika pakati. Anandiimbira okha foni.

Kenako tinakumba maenje anayi, limodzi pangodya iliyonse, kunja, motsamira maziko. Kumtunda tinapeza katondo wofiira, wolimba moti khasu linkachita kudumpha. Maziko enieniwo ndiye panalibe: anakumba masentimita 30 okha, konkire palibe, njerwa zangoyalidwa pa dothi ndi matope, pepala lakuda loletsa chinyezi palibenso. Pa katondo zimenezi zinali zisanavute. Kumunsi kunali nkhani ina. Dothi lake linali losakanikirana, lofewa, ndipo m'menemo munatuluka zibenthu za njerwa, majumbo, chitini chadzimbiri ndi patapata wakale. Tinafika mita imodzi tikutulutsabe zinyalala. Pa mita 1.3 m'pamene tinakhudza dothi lenileni, ndipo linali makande akuda, onyowa, omata khasu. Ngodya ya chipinda chogona inakhala pa dzenje lakale loumbira njerwa, lomwe linakwiriridwa polotiyo isanagulitsidwe. Agogo ena a nyumba yoyandikana anatsimikiza kuti ana ankasambiramo nthawi ya dzinja.

Maenje otere ali paliponse m'mphepete mwa Lilongwe, ku Njewa, ku Chitedze, njira ya ku Bunda, njira ya ku Lumbadzi, chifukwa njerwa zimene zamanga mzindawu zachokera m'dothi la madera amenewa. Udzu ukamera pamwamba simungadziwe. Musanakhome chikhomo choyamba, funsani munthu wachikulire amene wakhala pamalopo nthawi yaitali, kenako kumbani maenje anu. Ndi ntchito ya theka la tsiku, ya khasu ndi fosholo basi. Makande nawo ali ndi vuto lawo ngakhale popanda dzenje: amafufuma akamwa madzi, amanyala n'kung'ambika mu Okutobala, ndipo nyumba yokhala pamwamba pake imakwera ndi kutsika nawo chaka chilichonse.

Njerwa tinaziyesanso. Yopsa bwino mukaigundanitsa ndi inzake imalira mokweza, yosapsa imangoti phu. Tinaviika khumi m'ndowa usiku wonse, m'mawa zitatu zinkafumbutuka m'manja. Zimenezo ndi za m'mbali mwa uvuni, kumene moto sufika bwino, ndipo wogula wosadziwa amapakiridwa zonse pamodzi. Makoma anali a njerwa imodzi yogoneka mulitali, opyapyala, limodzi lotalika mamita 9 popanda chipilala chilichonse.

Njira yolimbitsa ngodyayo inalipo. Tikanakumba pansi pa maziko chigawo ndi chigawo mpaka kupyola zinyalala, n'kumathira konkire. Nditawerengera, simenti ya ngodya imeneyi yokha inkafanana ndi ya maziko onse a kanyumba kakang'ono, ndipo pamwamba pake pakanatsalabe makoma opyapyala a njerwa zosapsa, osayenera kusenza denga la mamita 9 kwa 7. Ndinawauza kuti maganizo anga ndi ogwetsa zonse, n'kumanga kanyumba ka zipinda ziwiri kumtunda, pa katondo. Mwayi unali umodzi: popeza anamangira matope, njerwa zikanachoka zosasweka.

Kukambirana kumeneku kunali kovuta kuposa ntchito yonse yomanga. Bambo anangokhala pa mulu wa njerwa osayankhula. Mayi ndi amene anati, "Amisiri, ndiye anthu atiseka bwanji? Aziti anayamba nyumba, athera pa boyizikota." Panalinso ena pachibale amene ankanena kuti mng'aluwo ndi wa anthu, pafunika kuitana wodziwa kuti adzatsirike malowo. Sindinatsutsane nawo. Ndinangowatengera kudzenje n'kuwaonetsa majumbo amene tinafukula pansi pa khoma.

Za kuseka kwa anthu sindinazitenge mopepuka, chifukwa manyazi oterewa ndi amene amasiyitsa nyumba zambiri pawindo zaka zisanu. Tinatenga kope la mwana wawo n'kuyamba kuwerengera, osati m'makwacha, chifukwa mitengo inkasintha mwezi uliwonse, koma m'matumba a simenti. Akachotsa chakudya, lendi ndi za sukulu, banjali linkatsala ndi ndalama ya matumba atatu kapena anayi pamwezi. Nyumba yaikuluyo, itamangidwa moyenera, inkafuna simenti, malata ndi matabwa kuposa kuwirikiza kawiri za kanyumba kakang'ono, ndipo nthawi yonseyo lendi ikanapitirira kutuluka. Kanyumba ka mamita 7 kwa 3.6 kanali kotheka kulowamo mvula yotsatira isanagwe. Sanandiyankhe tsiku limenelo. Mu Febuluwale alandilodi anakweza lendi, ndipo mayi omwe aja ndi amene anandiimbira: "Amisiri, bwerani tigwetse."

Tisanagwetse ndinapempha kuona mapepala a malo. Anali ndi kalata ya amfumu yokhala ndi mboni ziwiri. Tinayenda malire onse pamodzi ndi oyandikana nawo n'kudzala zizindikiro, ndipo ndinawalangiza kuti atsatire njira yolembetsa malowo, popeza lamulo la malo a mafumu la 2016 limalola munthu kutero. Poloti ikanakhala mkati mwa mzinda, pulani inkayenera kudutsa kaye ku khonsolo.

Ndalama zolipira mmisiri kuyambira pansi mpaka denga analibe. Tinagwirizana kuti ine ndizibwera pa magawo anayi okha: poyeza ndi kukhoma zikhomo, pothira konkire ya maziko, pa ring'ibimu (lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira pamwamba pa makoma), ndi pofolera. Kwina konse azimanga okha, koma asadutse gawo ndisanalione. Amisiri ambiri amakana ntchito zotere poti phindu lake ndi lochepa. Ine ndimaona kuti magawo anayiwa ndi amene nyumba imapulumukira kapena kufera, ndipo munthu wosauka ndi amene sangakwanitse kumanga kawiri.

Miyezi ya mvula inapita ndi ntchito zosafuna ndalama. Anagwetsa makoma mzere ndi mzere kuyambira pamwamba, kupala matope pa njerwa iliyonse, n'kuzigawa milu itatu: zolira bwino za maziko, zapakatikati za makoma, zosapsa ndi zosweka za pansi pa nyumba. Zabwino zinakwana pafupifupi 7,000. Milu anaifunditsa udzu.

Pogula zinthu tinatembenuza dongosolo limene anthu ambiri amatsata. Ndalama ikapezeka, ankagula malata, misomali, zitsulo ndi mafelemu, zinthu zimene mitengo yake ikukwera koma siziwonongeka zikakhala pansi pa bedi. Simenti inali yomaliza, yogula sabata yomwe ikagwire ntchito. Thumba lija anandiitanira linali umboni: linakhala pansi m'nyumba ya lendi kuyambira Okutobala, ndipo titalitsegula munali mibulu yolimba yosaphwanyika ndi zala. Simenti ikadutsa miyezi itatu, makamaka m'dzinja, musaidalire pa maziko kapena pa bimu.

Chaka chimenecho mvula inadula pakati, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Chimanga chinakwera mtengo. Miyezi iwiri banjali silinagule ngakhale msomali umodzi. Bambo anayamba kuganiza za katapila, kenako zogulitsa malata ena kuti adzagulenso pambuyo. Mayi anakana zonse ziwiri, ndipo ine ndinawaikira kumbuyo. Tinangosuntha tsiku loyambira kuchoka mu Meyi kupita mu Juni.

Poyeza tinagwiritsa ntchito chingwe, tepi ndi zikhomo. Ngodya tinawongola ndi muyeso wa 3, 4, 5 (mbali ina 3, ina 4, mopingasa 5), kenako n'kuyeza mopingasa kuchoka ngodya ina kupita ina mpaka mbali ziwirizo zitafanana. Levulo tinatenga ndi paipi yoonekera mkati yodzaza madzi. Kanyumbako tinakaika mamita oposa 4 kuchoka m'mphepete mwa dzenje lija, ndipo tinakumbanso dzenje loyesera kumbali kumene adzawonjezere chipinda, kuti tisadzadzidzimuke mtsogolo. Kumenekonso ndi katondo.

Ngalande ya maziko inali ya masentimita 50 mulifupi, yakuya 70 kumtunda ndi 90 kumunsi, yotsika m'masitepe kuti pansi pake pakhale pa levulo paliponse. Mizu ndi zitsa zonse tinazula, n'kuthira mankhwala a chiswe motsata malangizo a pa botolo. Konkire inali ya masentimita 20 kuchindikala: thumba limodzi la makilogalamu 50, wilibala imodzi ndi theka ya mchenga, mawilibala atatu a kwale. Panapita matumba 11. Makoma a maziko tinamanga ochindikala, a njerwa ziwiri, ndi njerwa zolira bwino zokhazokha, thumba limodzi pa mawilibala atatu a mchenga, mpaka masentimita 30 pamwamba pa nthaka. Apa panapita matumba 8.

Pa muyeso umenewu tinalimbana. Bambo anati, "Amisiri, kumene ndinkagwira ganyu thumba limodzi tinkathira mawilibala asanu, nyumba zake zilipo mpaka lero." Ndinawauza kuti pa pulasitala wa mkati tikhoza kukambirana, koma pansi pa nthaka, pamene njerwa izikhala m'chinyezi miyezi isanu chaka chilichonse, ayi. Mchenga nawo tinauyesa: kuthira m'botolo mpaka theka, kudzaza madzi, kukhutchumula, n'kusiya usiku. Wa ngolo yoyamba unasiya matope ochindikala pamwamba, tinausiya kuti udzasakanizidwe ndi dothi lomangira makoma. Wa kumtsinje, wokhakhala, ndi umene unalowa m'konkire. Kuthirira inali ntchito ya ana. Ankatunga pa mjigo kudzaza diramu, m'mawa ndi madzulo kunyowetsa konkire masiku 7, atafunditsa udzu kuti mphepo ya mwera isaumitse msanga. Anthu ambiri amagula simenti yokwanira n'kuiwononga pa kusathirira, chonsecho madzi ndi otsika mtengo kuposa china chilichonse pa ntchitoyi.

Pamwamba pa maziko tinayala pepala lakuda loletsa chinyezi, ndipo kuchokera pamenepo makoma anakwera ndi matope. Ndikudziwa kuti amisiri ena sagwirizana nazo. Koma khoma la njerwa ziwiri lomangira matope a katondo osakaniza mchenga, ngati pansi pake pali pouma ndipo denga likuliteteza ku mvula, limakhala zaka zambiri. Nyumba zakale za kumidzi ya Lilongwe zikuchitira umboni. Simenti tinaisungira ngodya, m'mbali mwa chitseko ndi mawindo, ndi mzere uliwonse wachinayi, momwe tinkagoneka waya wolimbitsa khoma wa bulikifosi kuti asachite dzimbiri m'matope. Khoma la pakati lokha ndi limene linali la njerwa imodzi.

Za njerwa zootcha ndinene maganizo anga. Mu 2018 bungwe loyang'anira za zomangamanga la National Construction Industry Council linaika malamulo oletsa njerwa zimenezi pa ntchito za boma, za mabungwe ndi za malonda, ndipo aliyense amene waona mmene nkhalango ya Dzalanyama yathera, komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene tonse timamwa, akumvetsa chifukwa chake. Munthu akandipeza asanagule kanthu ndimamulangiza mabuloko a simenti kapena njerwa za dothi zopanikiza ndi makina. Pano njerwa zinali zitagulidwa kale, mitengo itapsa kale. Kuzitaya sikukanabweza mtengo ngakhale umodzi.

Bambo anamanga bwino kuposa mmene ndinkayembekezera, kupatula khoma lakumbuyo. Sabata ina ankagwira ntchito usiku motsatizana osagona masana, ndipo pofuna kuthamanga anakweza mizere yambiri tsiku limodzi, matope apansi asanagwire. Khomalo linapendekera kunja masentimita atatu. Tinachotsa mizere isanu, n'kugwirizana kuti asamadutse mizere 7 patsiku ndipo levulo azigunditsa pangodya mzere uliwonse.

Mkangano waukulu wachiwiri unali pa ring'ibimu. Pofika Ogasiti ndalama zinali zitachepa kwambiri, ndipo bambo anandifunsa mosabisa: "Amisiri, kanyumba kochepa ngati aka kakufunanso bimu? Bwanji tingoika matabwa pamwamba pa chitseko ndi mawindo, tifolere?" Funsolo linali lomveka. Bimu inkafuna matumba 6, zitsulo za Y10 (zonenepa mamilimita 10) zokwana 9 za mamita 12, zitsulo zazing'ono zomangira ndi waya. Imeneyi ndi ndalama ya miyezi iwiri ya banjali.

Ndinakana pa zifukwa zitatu zimene ndinawafotokozera tili chiimire pakhoma. Makoma omangira matope alibe chowagwirizanitsa pamwamba, ndipo bimu ndi imene imawamanga kukhala chinthu chimodzi. Dziko lathu lili m'chigwa chimene chimachita zivomezi. Chivomezi cha ku Salima cha mu Malichi 1989 akuluakulu a muno mu Lilongwe akuchikumbukira, ndipo za ku Karonga za mu Disembala 2009 zinagwetsa nyumba zambiri za njerwa ndi matope. Komanso denga limafuna pogwira. Mphepo ya mvula yoyamba ikamasasula madenga, kawirikawiri misomali imakhala ili m'malo mwake, chimene chanyamuka ndi denga lonse pamodzi ndi matabwa, chifukwa linangosanjikidwa pa njerwa. Kuti mtengo utsike, bimu tinaiika pamutu penipeni pa chitseko, mamita 2.1, kuti igwirenso ntchito ya lintala, yosenza njerwa za pamwamba, pa chitseko ndi mawindo onse. Ndalama yake inachokera ku pulasitala wa mkati, magalasi a mawindo ndi chitseko cha pakati, zomwe tinazikankhira chaka china.

Matabwa oumbira bimu sitinagule. Tinagwiritsa ntchito matabwa a paini a mainchesi 2 kwa 6 omwe anagulira denga, kuwamanga ndi waya m'malo mokhoma misomali yambiri, kenako kuwapala n'kuwakweza pamwamba. Konkire inali ya thumba limodzi, wilibala imodzi ya mchenga, awiri a kwale waung'ono. Pansi pa zitsulo tinaika timabuloko ta simenti ta masentimita 2.5 kuti chitsulo chisakhudze thabwa, n'kusinja konkire ndi kachitsulo mpaka thovu litasiya kutuluka. Tisanathire, tinakoleka mawaya ochindikala opinda pawiri pansi pa zitsulo, paliponse pamene thabwa la denga lidzadutse, nsonga zake zitatulukira pamwamba. Iwalani mawaya amenewa tsiku lothira, mwayi wake subweranso. Kumbali yodzawonjezera chipinda tinasiya zitsulo zitatuluka masentimita 50, zopakidwa penti ndi kukutidwa ndi simenti yofewa.

Denga linatuluka lotsika mtengo chifukwa cha muyeso wa nyumbayo, ndipo muyesowo tinausankha dala. Chipinda chilichonse n'chosapitirira mamita 3.4 mulitali, choncho matabwa a 2 kwa 6 anagona kuchoka pa khoma lakumapeto kufika pa khoma la pakati popanda mathirasi (mafelemu a matabwa osenza denga). Makoma atatuwo tinawakweza ansonga ndi simenti, mawaya aja akudutsa mkati. Mbali iliyonse ya denga inakwana ndendende lata la mafiti 8, kusiya masentimita 50 otulukira kunja kuti mvula isamenye khoma. Malata onse 24. Ine ndinkafuna a geji 28 (nambala ya geji ikakwera, lata limapyapyala), thumba lawo linafika pa geji 30, ndipo tinagwirizana pamenepo poika matabwa anayi mbali iliyonse kuti mipata ichepe. A geji 32 ndinawakaniratu, ndi opyapyala kwambiri, amang'ambika pa msomali. Wina anawatsatsa malata akale otsika mtengo. Titawayang'anitsa kudzuwa tinaona mabowo ambirimbiri, choncho anagula anayi okha a chimbudzi ndi bafa. Matabwa tinawaumitsa pamthunzi atasanjikizana, n'kuwapaka mankhwala oteteza ku chiswe, makamaka kunsonga zolowa m'khoma. Misomali tinakhoma pamsana pa lata, osati m'ngalande yake, ndipo m'mphepete ndi pamwamba tinakhoma mothithikana.

Pansi pa nyumba panalowa njerwa zosapsa zija, zoswedwa ndi kusinjidwa, pamwamba pake mchenga, pepala lakuda ndi konkire ya masentimita 5, matumba 7. Kunja sitinapake pulasitala. Tinakolopola matope m'mizere ya njerwa kulowa mkati pang'ono n'kutsekamo simenti, matumba 3, ndipo khomalo likuoneka bwino ndithu. Ngodya ndi makoma ansonga zinadya matumba 3. Onse pamodzi 38, kupatula limodzi la silabu ya chimbudzi. Chimbudzicho anakumba chozungulira, pa dothi lolimba, mamita oposa 30 kuchoka pa chitsime cha oyandikana nawo. Pa ichi panalibe mkangano, kolera wa 2022 ndi 2023 anali asanaiwalike. Mafelemu a mawindo anali akale a chitsulo, okhala kale ndi zotchingira akuba, ndipo poyamba anatsekamo matabwa opyapyala. Kumtunda kwa nyumba anakumba ngalande yopatutsa madzi a kumsewu, kuzungulira khoma n'kuyala zibenthu za njerwa mopendekera kunja.

Analowa kumapeto kwa Okutobala 2024, chitseko chimodzi, pakati nsalu, kasola kowunikira ndi kutchajira foni.

Dzinja loyamba linaonetsa zinthu zingapo. Mu Disembala kunawomba mphepo yamkuntho imene inasasula madenga a nyumba ziwiri pa mzere womwewo. Lawo silinasunthe. Ming'alu pa makoma panalibe, kupatula timizere topyapyala pa konkire ya pansi, tomwe si tovuta. Koma mu Febuluwale mayi anandiitana kuti khoma lakumtunda likunyowa mkati, m'munsi, kumene kuli mphasa ya ana. Nditafika ndinapeza mulu wa mchenga, umene anayamba kusonkhanitsa wa pulasitala, utatsamira khoma mpaka kupitirira pepala lakuda lija. Chinyezi chinkakwera mumchengamo n'kulowa m'njerwa pamwamba pa pepala. Ngalande nayo inali itadzaza dothi. Tinasuntha mchenga, kukumbanso ngalande, ndipo pofika Meyi khoma linali litauma. Chinthu ichi muziwauza eni nyumba mobwereza: mchenga, nkhuni, maluwa, chilichonse chisatsamire khoma kupyola mzere wa pepalalo. Pa njira yomweyo ya mchenga chiswe chinali chitayamba kale kumanga kanjira kake kokwera kukhoma. Tinakagumula n'kuthiranso mankhwala, matabwa chinali chisanafikeko.

Dzenje lija linatitimira lonse mvula itakhazikika. Pamene pakanakhala chipinda chogona cha nyumba yoyamba panadikha madzi ofika m'mawondo mpaka Malichi. Bambo anadzalapo nthochi.

Dandaulo limene latsala ndi kutentha. Denga la malata lopanda siling'i mu Okutobala limawotcha, ndipo ndawalangiza kukhoma mphasa za bango pansi pa matabwa, kusiya mpata woti mpweya uzidutsa. Mkati apaka pulasitala chipinda chimodzi, magalasi aika. Ndalama imene inkapita ku lendi tsopano akugulira simenti thumba limodzi kapena awiri pamwezi n'kuumba mabuloko a chipinda chachitatu ndi chikombole chobwereka. Ndawauza kuti thumba limodzi lisapitirire mabuloko 30, azithirira masiku 7 ali pamthunzi, ndipo asawamangire asanathe masiku 28. Maziko ake adzakumbidwa akuya mofanana ndi akalewa, bimu idzalumikizidwa pa zitsulo tinasiya zija, ndipo windo la khoma lakumapeto lidzatsitsidwa kukhala chitseko. Pakufunika mabuloko pafupifupi 400. Aumba 180.